Phunziro la Sabata Ino: Kusunga Chinsinsi cha Mnzathu m'Nthawi ya Mafoni

Tiyambe ndi nkhani ya pa Genesis 9:20-23. Nowa atamwa vinyo analedzera nagona wosavala m'hema mwake. Hamu atamuona anatuluka kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti anatenga chovala, nalowa chafutambuyo, nawafunditsa bambo awo osawayang'ana. Masiku ano Hamu sakanavutika n'kutuluka panja. Akanangojambula n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo pomafika madzulo Lilongwe yense akanakhala ataona.

Zathu zambiri zili m'manja mwa ena

Mu 2017 bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika, pamodzi ndi zithunzi ndi zidindo za zala zawo. Mu 2018 MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Tikatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, zimalembedwa kuti zapita kwa yani, zingati, nthawi yanji. Fotokope ya chiphaso chathu timaisiya kubanki ku City Centre, kwa eni nyumba, ngakhale pashopu ku Old Town, osafunsa kuti ikathera kuti. Kutsogoloku nkhaniyi ikula, chifukwa makompyuta tsopano akutha kutengera mawu ndi nkhope ya munthu n'kumuyankhulitsa zimene sananene.

Malamulo otiteteza alipo. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zachinsinsi zake. Mu 2024 lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woona kuti likutsatidwa. Koma lamulo silingagwire chala chathu pamene tikufuna kutumiza uthenga. Imeneyo ndi ntchito ya chikumbumtima.

Mpingo ukuphunzitsa chiyani?

Ambiri timaganiza kuti lamulo lachisanu ndi chitatu likuletsa bodza lokha. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2477, akutikumbutsa kuti kuulula zolakwa za munthu kwa anthu amene sakuzidziwa, popanda chifukwa chokwanira, ndi tchimonso, ngakhale zikhale zoona. Pa nambala 2489 akuti si aliyense amene ali ndi ufulu wodziwa chilichonse. Taonani mmene Mpingo umasungira chinsinsi cha sakramenti la kulapa: wansembe saloledwa kuulula zimene wamva pa chifukwa china chilichonse. Yosefe woyera naye, asanamvetse za mimba ya Maria, anasankha kusamuchititsa manyazi pagulu (Mateyo 1:19).

Izi sizikutanthauza kubisa nkhanza. Mwana kapena mayi akamazunzidwa, kukanena kupolisi ndi kwa akuluakulu oyenera ndi udindo wathu. Kumwaza kanema wake pa Facebook ndi kumuzunza kachiwiri.

Tidziyang'ane tokha

Pamagulu a WhatsApp a miphakati yathu timaika chithunzi cha wodwala ali pabedi kuchipatala, ati kuti timupempherere, mwini wake osamufunsa. Uthenga wa maliro umafika pagulu ana a malemu asanauzidwe, mpaka ena amamva imfa ya mayi awo ali m'minibasi. Ena mwa ife tinaika makamera m'nyumba zathu ku Area 10, 43 kapena 47. Kodi amene amatigwirira ntchito tinawauza? Nanga zojambulidwazo timaonetsa yani?

Sabata ino tiyeseko izi:

1. Tipemphe chilolezo tisanaike chithunzi kapena matenda a munthu pagulu. Mulungu amamva pemphero ngakhale popanda chithunzi.
2. Uthenga wa maliro uzidikira kaye mawu a banja.
3. Tisauze munthu aliyense PIN yathu, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa kukampani ya mafoni. Tiwakumbutsenso makolo athu kumudzi.
4. Zithunzi za ana zisaonetse yunifolomu kapena geti la sukulu yawo.
5. Ngati tinamwaza kale nkhani ya wina, tiifufute, tikamupepese, tikalape. Katekisimu pa nambala 2487 akuti woipitsa mbiri ya mnzake ali ndi udindo woikonza.

Zokambirana kumphakati

Kodi gulu lathu la WhatsApp lili ndi malamulo otani pa nkhani za odwala ndi maliro? Ndani pakati pathu angathandize achikulire kuteteza mafoni awo?

Ambuye, tipatseni mtima wa Semu ndi Yafeti, kuti tizifunditsa abale athu pamene afooka. Amen.