Mmene kompyuta imaonetsera zamkati mwa khoma la konkire

Pa zithunzi za nyumba zimene sizinamangidwe, nthawi zina khoma limaoneka ngati galasi, moti mumatha kuona zitsulo, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi ali mkatimo. Akatswiri ojambula mapulani amachitira dala. Ngati paipi yadutsa pamene payenera kuima mzati, ndi bwino kuona vutolo pa kompyuta, chifukwa konkire akangouma, chotsala n'kugumula basi. Pulogalamu ya SketchUp ili ndi batani la ntchito imeneyi lotchedwa X-ray, ngakhale kuti palibe X-ray yeniyeni imene imagwira ntchito pamenepo.

Tiyambe ndi funso limene ndimakonda kufunsa a Fomu 3. Galasi amapanga ndi mchenga, ndipo mu konkire mulinso mchenga. Nanga bwanji kuwala kumadutsa m'galasi koma mu konkire ayi? Tengani kanjere kamodzi ka mchere mukayang'anitsitse: kamaoneka ngati kagalasi. Koma mchere wodzaza supuni ndi woyera mbee. Kuwala kukafika pamalire a zinthu ziwiri, monga mpweya ndi galasi, kwina kumabwerera, kwina kumalowa mopindika. Pagalasi la windo kumabwerera pafupifupi magawo 4 pa 100 mbali iliyonse, ndiye kochuluka kumadutsa. Mu konkire malire otero ndi osawerengeka: mchenga, miyala, simenti, timibowo ta mpweya. Kuwala kumangomwazika, kenako n'kumezedwa kusanapite patali.

Kompyuta siilimbana ndi zonsezi, imangopanga masamu. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa ma pixel, ndipo wojambula amapatsa khoma nambala yotchedwa alpha, yoyambira pa 0 mpaka 1. Ikakhala 1, khoma latseka zonse. Ikakhala 0, khoma silioneka n'komwe. Tinene kuti alpha ndi 0.3, kuwala kwa khoma ndi 200, pomwe kwa paipi yakuda ili mkatimo ndi 40 (manambalawa amayambira pa 0, kuda bii, mpaka 255, kuyera). Kadontho kathu kadzakhala 0.3 × 200 + 0.7 × 40 = 88. Pambali pake, pamene kumbuyo kuli koyera, padzawala kwambiri, ndipo diso lidzati, "Paipi ija iyi." Njira ya alpha anaiyambitsa Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1984 Thomas Porter ndi Tom Duff a ku Lucasfilm anaifotokoza mwamasamu. Iwowo ankaganiza za mafilimu, osati nyumba.

Apa ndi pamene ine ndimasangalala napo. Supuni ikakhala m'tambula ya madzi imaoneka yothyoka chifukwa kuwala kwapindika. Masamu a alpha sapinda kuwala, choncho paipi imaoneka pamalo ake enieni. Khoma labodzali likuposa galasi lenileni pa ntchitoyi!

Koma chenjerani. Khoma limodzi likudutsitsa 0.7, awiri adutsitsa 0.7 × 0.7 = 0.49, atatu 0.343. Zinthu zakumbuyo zimazimiririka, mizere imapiringizana, ndipo simungadziwe bwino kuti paipi ili kutsogolo kwa chitsulo kapena kumbuyo kwake. N'chifukwa chake omanga amadalirabe pulani yoonetsa nyumba ngati yadulidwa ndi mpeni, yokhala ndi miyeso yake.

Konkire wodutsa kuwala aliko ndithu. Mu 2001 Áron Losonczi wa ku Hungary anayala tiulusi tagalasi tambirimbiri mu konkire, n'kumutcha LiTraCon. Kuwala kumayenda m'tiulusimo kuchoka mbali ina kufika mbali inayo, moti munthu akaima kuseri mumaona chithunzithunzi chake. Koma chitsulo chobisika pakati pa tiulusito simungachione.