Ulimi wa nkhululu: wogula ayambe wapezeka, bokosi pambuyo

M'mashopu ogulitsa ziweto za m'nyumba ku Johannesburg ndi ku London mumapezeka katundu woti wamalonda wa pa Mhuju angamuseke: nkhululu zamoyo zolongedza m'timabokosi. Ogula ake ndi anthu oweta abuluzi, analimata ndi ananzikambe, zomwe chakudya chake ndi tizilombo tamoyo. Poti chiwetocho chimadya mlungu ndi mlungu, kasitomala sasowa.

Kodi bizinesi yotereyi ingayende m'chigwa cha Henga? Kuweta kokha n'kosavuta. Pamene pagona nkhani ndi pa msika.

Si nkhululu ya kumunda

Nkhululu yaikulu yomwe ana amakumba nyengo ya dzinja, yomwenso imadula mbande za fodya usiku, siyowetedwa. Imakhala yokha kuuna ndipo imaswana kamodzi pachaka. Zomwe alimi amaweta ndi abale ake aang'ono: yotuwa ya m'nyumba, Acheta domesticus, ndi yakuda ya m'thengo, Gryllus bimaculatus. Izi zimakhala mwaunyinji pamalo ochepa ndipo zimakhwima pa milungu 6 mpaka 8.

Lipoti la bungwe la FAO la 2013 linati ku Thailand kunali alimi a nkhululu pafupifupi 20,000. Ku Kenya, bungwe la icipe ku Nairobi ndi yunivesite ya Jaramogi Oginga Odinga ku Bondo akhala akuphunzitsa alimi ang'onoang'ono ulimiwu. M'maiko awiriwa cholinga chachikulu si abuluzi ayi, koma chakudya cha anthu ndi ziweto.

Kawetedwe kake

Pamafunika beseni lakuya kapena bokosi losalala m'kati, lovindikira ndi neti kuti mpweya uzilowa. M'katimo mumaimikidwa mathireyi a mazira apepala kuti tizilomboti tipeze pobisala, chifukwa tikapanikizana timadyana. Chakudya ndi madeya osakaniza ndi soya wokazinga wogaya, kapena fidi ya anapiye, kuwonjezerapo nkhwani kapena chigwada. Masamba opoperedwa mankhwala angathe kupha bokosi lonse usiku umodzi, choncho a m'mbali mwa munda wa fodya kapena dimba la tomato ngosayenera.

Madzi saikidwa m'mbale yapululu, poti tiana timamira. Amanyowetsa thonje kapena siponji. Zazimuna zikayamba kulira, ndiye kuti zakhwima, ndipo mlimi amaikamo kambale ka mchenga wonyowa momwe zazikazi zimaikira mazira. Pakatha masiku awiri kapena atatu, kambaleko kamasamutsidwira m'bokosi lina. Pamalo ofunda mazira amaswa pakatha masiku 10 mpaka 14.

Adani ake ndi nyerere, linthumbu, makoswe ndi akangaude. Kuika miyendo ya tebulo m'zitini za madzi kumatchinga nyerere. Mdani wina wa ku Rumphi ndi chisanu. Nkhululu zimakula bwino pa madigiri 28 mpaka 32, ndipo mu June ndi July zimachedwa kukula komanso kuikira kumachepa. Woyamba kumene ndi bwino ayambe mu September, kukayamba kutentha.

Masamu a wamalonda

FAO imati makilogalamu 1.7 a chakudya amatulutsa kilogalamu imodzi ya nkhululu zamoyo. Wophunzira kumene awerengere makilogalamu awiri. Koma thupi la nkhululu ndi madzi okhaokha ambiri: makilogalamu atatu a zaziwisi amatsala pafupifupi imodzi zikauma. Ndiye kuti kilogalamu imodzi youma yadya chakudya chokwana makilogalamu 6.

Apa ndi pomwe wamalonda ayenera kutenga cholembera. Aone mtengo wa makilogalamu 6 a chakudyacho pamsika lero, awonjezere nkhuni zowiritsira ndi nthawi yake, kenako afanizire ndi mtengo wa kilogalamu ya usipa wouma wochokera ku Chiweta kapena ku Mlowe. Mu nkhululu zouma, magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse ndi mapuloteni, koma woweta nkhuku sagula dzina, amagula chotsika mtengo. Ngati usipa kapena soya zili zotchipa, nkhululu zodyetsedwa fidi yogula kushopu ndi kutaya mpamba. Phindu limaoneka pomwe mlimi ali ndi madeya, soya ndi masamba akeake.

Agule ndani?

Pa Mhuju, pa Phwezi ngakhale pa Rumphi Boma, woyembekezera oweta abuluzi akhala tsiku lonse osagulitsa. Kutumiza zamoyo kunja nako kumafuna zilolezo, ndipo zambiri zimafera m'njira. Ogula enieni ali pafupi: oweta anapiye ndi zinziri, alimi a nsomba za m'madamu, komanso anthu omwe amadya kale ngumbi, ziwala ndi mphalabungu. Mwayi wa woweta ndi woti amakhala ndi katundu chilimwe, pomwe ngumbi zatha pamsika.

Zogulitsa ngati ndiwo zisadyetsedwe tsiku limodzi zisanakololedwe, kenako ziwiritsidwe, zikazingidwe kapena ziyanikidwe pamalo aukhondo. Wofuna kulongedza m'mapaketi ogulitsa m'mashopu a ku Mzuzu ayambe wakaonana ndi a Malawi Bureau of Standards.

Pali msampha wina. Wina akamva zoti ananzikambe ali ndi msika kunja angaganize zokawatola ku Nyika kapena ku Vwaza. Kutenga nyama m'malo otetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya zanyama zakuthengo ndi mlandu, ndipo malonda a ananzikambe pakati pa maiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES.

Njira yosaluzitsa ndi kuyamba ndi mabokosi awiri, kulemba ndalama iliyonse yomwe yalowa, ndi kudyetsa zokolola zoyamba nkhuku za pakhomo. Zotsalazo azipititse pa tsiku la msika m'timilu tating'ono. Akapeza anthu atatu obwereza kugula, pamenepo ndiye pogula beseni lachitatu.