Chuma cha Mafuta a Pansi Chimatsala kwa Ndani? Mafunso ndi Mayankho

Kodi mafuta a pansi si opangira petulo ndi dizilo basi?

Ayi. Onani thumba la feteleza wa urea lomwe mlimi wamangirira pa kaliyala ya njinga. Thumbalo, lolukidwa ndi timaluzi toyera tomwe timasosoka likakhalitsa padzuwa, ndi pulasitiki wotchedwa polypropylene, wochokera ku mafuta a pansi. Timibulu tili m'katimo timapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi, mbale wake wa mafutawo. Chigubu, ndowa, mapaipi a PVC a pa mjigo ndi malaya a polyester a pa kaunjika, gwero lake n'lomwelo.

Madzi akuda onunkha amasanduka bwanji ndowa?

Amene anaonapo kutcheza kachasu sangavutike kumvetsa. Mafuta amawiritsidwa, nthunzi yake n'kukwera mu nsanja yaitali yachitsulo, ndipo gawo lililonse limazizira pa msinkhu wakewake: phula limatsala pansi, dizilo ndi palafini pakati, zopepuka pamwamba. Mwa zopepukazo muli naphtha. Iyeyu amasakanizidwa ndi nthunzi ya madzi n'kudutsa m'mapaipi otentha madigiri pafupifupi 850 kwa kanthawi kosakwana sekondi imodzi, kenaka n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi. Kutenthako kumadula tizigawo take titalititali kukhala tating'ono, makamaka ethylene ndi propylene. Tikalumikizidwanso ngati mikanda pa ulusi, ethylene amasanduka polyethylene, pulasitiki wa majumbo uja, yemwe akatswiri a kampani ya ICI ku England anamutulukira mwangozi mu 1933. Ntchito yodula ndi kulumikiza imeneyi ndiyo imafuna makina okwera mtengo ndi anthu ophunzira, ndipo phindu lalikulu limatsala pomwe ikuchitikira.

Koma si mwini chitsime amene amalemera?

Mbiri ikukana. Nigeria inapeza mafuta ku Oloibiri mu 1956, koma kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsa mafuta osayenga n'kumaitanitsa petulo kunja, malo oyengera a boma ku Port Harcourt, Warri ndi Kaduna atangoti ziii. Singapore ilibe chitsime ngakhale chimodzi, komabe chilumba chake cha Jurong chadzaza mafakitale ophika mafuta a eni. Pafupi nafe, gasi wa ku Pande ndi Temane ku Mozambique wakhala akuyenda mu paipi ya makilomita 865 kuyambira 2004 kupita ku Secunda, m'dziko loyandikana nalo, kumene kampani ya Sasol imapanga mafuta ndi mankhwala. Wamalonda wa ku Nigeria Aliko Dangote anazindikira kuti kugulitsa zosaphika n'kulimira anzako. Fakitale yake ya ku Lekki, pafupi ndi Lagos, yomwe inatsegulidwa mu 2023, inamangidwa kuti iziyenga migolo 650,000 pa tsiku, ndipo pambali pake anaikapo zopangira polypropylene ndi urea. Wina anganene kuti Singapore inathandizidwa ndi doko lake lodutsa zombo zambiri. N'zoona, koma nayo Lagos ili m'mbali mwa nyanja, ndipo doko silinaiyengere mafuta kwa zaka zonsezo.

Nanga pulasitiki wotseka ngalande ndi kupha mbuzi, tiziti ndi chuma?

Dandauloli n'lomveka, ndipo n'chifukwa chake boma la Malawi linaletsa mu 2015 majumbo opyapyala osakwana ma micron 60. Komabe jumbo lotayidwa tsiku lomwelo silingaweruzidwe pamodzi ndi paipi yotunga madzi kwa zaka makumi. Ndiponso kusakhala ndi mafakitale otere sikutchinjiriza dziko ku zinyalala. Opanga ndowa ndi majumbo ku Blantyre amagula timibulu ta pulasitiki kunja ndi madola osowa aja, ntchito yodula ndi kulumikiza itatha kale kwina, koma majumbo oyandama mu mtsinje wa Mudi mvula ikagwa ndi athu.