Asilikali a m'thupi akaukira bongo

Achinyamata anzathu, m'maphunziro apitawa tinaona kuti kachirombo ka HIV kamafoola asilikali a m'thupi ndipo matenda amalowa mosavuta. Lero tikambirane vuto losiyana ndi limeneli. Nthawi zina asilikaliwa amasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi bongo wa mwini wake mpaka kuutupitsa. Madokotala amati autoimmune encephalitis, ndipo angadwale aliyense, kaya ali ndi HIV kaya alibe.

Mtundu wodziwika kwambiri ndi anti-NMDA receptor encephalitis, umene Dr Josep Dalmau ndi anzake anaufotokoza ku America mu 2007. Umakonda kugwira ana ndi achinyamata, makamaka atsikana. Munthu amene anali bwinobwino amasintha m'masabata ochepa: sagona, amaiwalaiwala, amalankhula zosamveka, amaona kapena kumva zinthu zomwe palibe. Kenaka amagwa ngati wa khunyu, milomo ndi manja zimangoyenda zokha, mwina amasiyiratu kulankhula.

Kumudzi timafulumira kuweruza. Ena amati wasuta chamba, ena walodzedwa, ena Edzi yafika kumutu. Masiku amene banja likuzungulira ndi wodwala ndi omwe bongo ukupitirira kutupa.

Nanga kuchipatala amadziwa bwanji? Choyamba dokotala amafunsa kuti kusinthaku kunayamba liti. Mfundo zimene akatswiri anagwirizana mu 2016 zimati matendawa amakula msanga, pasanathe miyezi itatu. Choncho woperekeza wodwala akhale munthu amene waona zonse kuyambira tsiku loyamba.

Kenaka amafufuza matenda ena ofanana nawo, omwenso ndi ofala kwambiri kwathu kuno: malungo a m'bongo, chindoko, TB, ndi matenda oumitsa khosi monga cryptococcal meningitis, amene amagwira kwambiri anthu omwe CD4 yawo yatsika. N'chifukwa chake amapempha kuyeza HIV. Si kunyoza ayi. Mankhwala a bongo wotupa chifukwa cha asilikali amagwira ntchito pochepetsa mphamvu ya asilikaliwo, ndiye kuwapereka kwa munthu amene ali ndi tizirombo m'bongo kungaonjezere moto.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amakana: kutenga madzi a mumsana. Tamva kambirimbiri kuti "akakubaya pamsana sudzuka". Zoona zake n'zakuti ambiri amafika nako mochedwa, matenda atawapweteka kale, ndipo jakisoni ndiye amasenza mlandu. Dokotala amabaya m'munsi mwa msana ndipo amatenga timadzi tochepa, tomwe thupi limabwezeretsa m'maola owerengeka. Madziwa amaonetsa ngati muli kutupa kapena tizirombo, ndipo m'menemo ndi momwe amapeza asilikali olakwa aja. Makina a MRI ndi EEG amathandizanso, ngakhale MRI nthawi zambiri siionetsa vuto ngakhale matenda alipo. Kwa mtsikana amaunikanso m'mimba, poti chotupa cha pathumba la mazira chimatha kuyambitsa matendawa, ndipo chikachotsedwa wodwala amachira msanga.

Kuchira kumatenga miyezi, koma kafukufuku wa mu 2013 wa odwala 577 anapeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse anali bwino patatha zaka ziwiri, ndipo oyamba mankhwala msanga ndiwo anachira bwino koposa.

Pamsonkhano wa kalabu sabata ino yeserani sewero: mnzanu wagonekedwa m'chipatala, amalume ake akukana zotenga madzi a mumsana. Muwauza chiyani?