Babu ya Sikana Imatha Ngakhale Musakujambula

Wojambula zithunzi wina anali ndi makatoni a manegativu a maukwati a m'zaka za m'ma 1990, ndipo ankafuna kuwasamutsira pa kompyuta asanachite nkhungu. Anagula sikana ya filimu yogwirapo kale ntchito, Minolta Dimage Scan Elite 5400. Inkatulutsa zithunzi zokongola, koma chinkamutopetsa n'chakuti m'mawa uliwonse ankadikira kuti babu itenthe kaye, kuwala kukhazikike. Basi anangoganiza zoisiya yoyaka usana ndi usiku.

Patapita miyezi, madiresi oyera a akwatibwi anayamba kutuluka otuwa, mitundu ina itasokonekera. Iye ankati ndi filimu yakalamba. Kenako sikana inayamba kuchedwa kukonzeka, mpaka tsiku lina inakaniratu.

Chimene sankadziwa n'chakuti sikana imeneyi imawunikira filimu ndi kababu kakang'ono ka mtundu wa fulorosenti, kotchedwa cold cathode. Moyo wake umawerengedwa ndi maola amene kakhala koyaka, kaya mukujambula kaya muli m'tulo. Sikathima mwadzidzidzi. Kamazilala pang'onopang'ono ngati tochi yakutha mabatire, moti munthu amakhalira kunamizira filimu pamene vuto lili m'makina. Kutentha kwa m'kati kumaumitsanso makapasita a pa bolodi, ndipo filimu yoiwalika m'menemo imapindika, chithunzi n'kumatuluka chosaoneka bwino m'mphepete. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti manegativu ngati amenewa alibe ena owalowa m'malo.

Ena amati, "Yanga ndi Nikon Coolscan, imawunikira ndi LED." N'zoona kuti LED imakhalitsa kuposa fulorosenti. Koma makina oyaka amakhalabe pa moto, ndipo magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu pakati pa usiku, palibe woti azule pulagi. Nikon nayo inasiya kalekale kupanga masikana amenewa. Ngati mukujambula tsiku lonse, isiyeni yoyaka mpaka mumalize, poti kuyatsayatsa nakonso sikuthandiza. Mukaweruka chotsani filimu, zimitsani, zulani ku soketi, ikazizira muivundikire kuti fumbi lisalowe.

Wojambula uja ananyamula sikana yake kupita nayo kwa wokonza zamagetsi. Mmisiriyo ataitsegula anapukusa mutu nati, "Bambo, babu yatha. Konica Minolta inasiya malonda a makamera mu 2006, ndiye yatsopano sitingaipeze m'sitolo. Mwina mupeze sikana ina yakufa kuti tichotsemo yake." Theka la makatoni aja linali lisanatsegulidwe n'komwe.