Giza ya gesi ikakalamba: zofunika kusamala poisintha

Kucokera m'caka ca 2015, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo magetsi anayamba kuzimazima, mabanja ambiri m'matauni anayamba kuphikira gesi. Bvutoli linabweranso mu 2019 ndi mu 2024. Ena anaika ndi giza ya gesi yotenthetsera madzi osamba. Giza yotere ikakalamba imadontha madzi, imacita dzimbiri, ndipo moto wake umasanduka wacikasu. Apa ifunika kusintha.

Ngozi yaikulu pa nchito imeneyi ndi mpweya woipa wochedwa carbon monoxide. Mpweyawu ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya malasha m'nyumba yotseka mu June ndi July. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'mapapo umakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino nthawi zopitirira 200, motero ubongo ndi mtima zimasowa mpweya. Gesi ikamayaka bwino, ndi lawi la buluu, mpweya woipawu umakhala wocepa. Ikasowa mphepo yokwanira umaculuka.

Ndico cifukwa cake malo oikapo giza ndiwo oyamba kuganizira. Giza imene imatenga mphepo ya m'cipinda siyenera kukhala m'bafa kapena m'cipinda cogona. Mabafa ambiri a m'makomboni ndi aang'ono, ndipo nyengo yozizira anthu amatseka kazenera ndi nsanza. Munthu wosamba m'menemo angakomoke citseko ciri cokhoma. Malo abwino ndi kukhoma la panja, pochingidwa ku mvula. Ngati giza yakale inali m'bafa, yatsopano isabwerere pamenepo, ngakhale kuti mapaipi amadzi afunika kuwonjezera.

Ambiri amagula giza yatsopano koma nasiya cumuni cakale pofuna kusunga ndalama. Kumeneku ndi kulakwa. Paipi ya utsi yakale ingakhale yoboka ndi dzimbiri kapena yotsekeka ndi cisa ca mbalame, ndipo utsi umabwerera m'nyumba. Iyenera kukhala ya kukula kumene opanga gizayo analemba, yokwera m'mwamba, yoturukira kunja kwenikweni osati m'siling'i. Paipi ya mphira ndi regulator nazonso zisinthidwe ngati zaonetsa ming'alu kapena zakhala zaka zambiri.

Magiza ogula kale kwa ena, maka ocokera kunja, afunika kuwayang'anitsitsa. Ena anapangidwira gesi yoyenda m'mapaipi a mumzinda, yosiyana ndi gesi ya m'mabotolo yochedwa LPG imene imagulitsidwa m'Zambia. Giza yotere ikalumikizidwa ku botolo imayaka lawi lalikuru la mwaye. Kacitsulo ka m'mbali mwa giza kamanena mtundu wa gesi yake.

Nchito yolumikiza ndi ya munthu amene anaphunzira za gesi. Kudziwa mapaipi amadzi kokha sikukwanira, ngakhale pulambala wa pafupi achipitse mtengo. Amene ali m'nyumba ya lendi ayambe wauza eni nyumba. Gesi yokha igulidwe kwa ogulitsa okhala ndi laisensi ya Energy Regulation Board.

Asanamasule giza yakale, wanchitoyo atseke botolo ndi mpopi wa madzi, ndipo pafupi pasakhale mbaula, kandulo kapena fodya. Akamaliza apake thobvu la sopo polumikiza ponse. Pakatupa timathobvu ndiye kuti gesi ikuturuka. Kuyesa ndi macisa n'koletsedwa. Botolo liime ciriri panja, kutali ndi ngalande, popeza gesi ya LPG ndi yolemera kuposa mphepo ndipo imasonkhana pansi. Madzi asatenthe kupitirira madigiri 50, cifukwa khungu la ana ndi okalamba limapsa msanga.

Masiku oyamba banja likhale cheru. Mutu kuwawa, cizungulire, mseru ndi kufooka zimene zimabwera posamba n'kutha munthu akaturuka panja, sizifunika kuyesedwa malungo. Wodwalayo aturutsidwe panja, giza izimidwe, ndipo apite naye kucipatala ngakhale aoneke kuti watsitsimuka, maka ngati ndi mai wapakati. Fungo la gesi likamveka, botolo litsekedwe, zitseko zitsegulidwe, ndipo wina asakhudze swichi ya magetsi. Moto ukabuka, onse aturuke ndi kuitana ozimitsa moto pa nambala 993.