Kanema anali bwinobwino dzulo, bwanji lero akukana?

Tiyerekeze kuti mnzanu wakupatsani kanema wa titration woti muzibwereza pokonzekera MSCE. Pa foni yake akuoneka bwino. Mwamuika pa memory card, mwafika kunyumba ku Kampepuza, foni yanu ikungotulutsa mawu, chithunzi bii. Kapena ku labu ya makompyuta aika mapulogalamu atsopano, ndiye zoyeserera za Physics zija zasiya kutseguka. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi n'kufufuta fayiloyo. Dikirani kaye. Nthawi zambiri fayiloyo ilibe vuto.

Tiyambe ndi masamu. Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mwachangu, mwina 25 pa sekondi. Chithunzi cha 1280 kwa 720 chili ndi timadontho 921,600, ndipo kadontho kalikonse kamafuna mabaiti 3 osunga mtundu wake. Chithunzi chimodzi ndiye pafupifupi 2.8 MB. Chulukitsani ndi 25, kenako ndi 60: mphindi imodzi yokha yadya 4 GB n'kupitirira. Bandulo yake mungaigule inu?

N'chifukwa chake kanema amapanikizidwa. Ngati mphunzitsi akulankhula pamaso pa bolodi, bolodilo silisintha, ndiye palibe chifukwa cholisunga kambirimbiri. Kompyuta imasunga chithunzi chimodzi chathunthu, kenako imangolemba zimene zasintha, monga dzanja ndi pakamwa. Malamulo opanikizira ndi kumasulira amenewa amatchedwa codec. Yofala kwambiri ndi H.264 ya mu 2003. Mu 2013 kunabwera H.265, yomwe imachepetsa fayilo koposa, koma mafoni ndi ma TV akale ambiri saidziwa.

Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Dzina loti .mp4 limangonena za envelopu, osati chinenero cha kalata ili m'katimo. Kuno ku Ntcheu timazidziwa bwino izi: nyimbo za ngoma zili ndi mawu a Chingoni amene ambiri timangoimba osawamva. Makutu ali bwino, nyimbo ili bwino, chosowa ndi womasulira. Foni yotulutsa mawu popanda chithunzi ikumva codec ya mawu, koma ya zithunzi ayi. Ndiye kusintha dzina la fayilo kuchoka pa .mkv kukhala .mp4 n'kungotaya nthawi, kalata ija ikadali m'chinenero chomwecho.

Nkhani ya ku labu ndi ina pang'ono. Kwa zaka zambiri makanema ndi masewera a pa intaneti ankadalira pulogalamu ya Adobe yotchedwa Flash (osati flash yosungira nyimbo ija, chonde). Inali ndi ming'alu yolowera akuba ndipo inkatha batire. Mu 2010 Steve Jobs analemba kalata yofotokoza chifukwa chake iPhone sidzailandira. Mu January 2015 YouTube inasamukira ku HTML5, njira yoti browser izionetsa kanema payokha. Adobe inasiya kusamalira Flash pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 inayamba kutsekereza mafayilo ake. Zinthu zambiri zophunzirira zinangoti zii, ngakhale zinali zosawonongeka. A PhET a ku University of Colorado Boulder, omwe anayambitsidwa ndi Carl Wieman mu 2002, akhala akulembanso zoyeserera zawo za sayansi mu HTML5, ndipo zatsopanozi zimayenda ngakhale pa foni.

Tsono mutani? Choyamba yerekezani kukula kwa fayilo yanu ndi ya mnzanu. Ngati yake ndi 80 MB, yanu 31 MB, kukopera kunadukira panjira, bwerezani basi. Zikafanana, itsegulireni mu VLC, pulogalamu yaulere imene inayamba ngati ntchito ya ophunzira a ku École Centrale Paris. Ubwino wake imayenda ndi omasulira akeake, siidalira a foni. Ikamadukaduka pa foni yakale, ndiye kuti foniyo ikulemedwa ndi masamu omasulira. Pamenepo pitani pa kompyuta, musinthe kanemayo ndi HandBrake akhale H.264 mu MP4, pa 480p kapena 720p. Anyamata oika nyimbo m'mafoni pa boma kapena pa Lizulu ena amatha zimenezi, koma muwauze codec yake, osangoti "mundikonzere". Fayilo yoyamba musaifufute, chifukwa kupanikiza kotereku kumataya kenakake ndipo sikabwereranso.

Ngati dzina likuthera ndi .swf, imeneyo ndi ya Flash, ndipo VLC siithandiza pa zoyeserera zofuna kudina. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Ruffle yomwe imatsegula ambiri mwa mafayilo otere. Koma uthenga ukatulukira wakuti ikani Flash Player yatsopano kuti muone kanema, musadine. Flash yatsopano kulibe, ndipo vairasi munkaiopa ija imalowera pamenepo.